Lipoti la mwana wa zilembo zokongola amene sankatha kulemba

Ndimaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya pulayimale ku Mulanje, kumunsi kwa phiri, kumene minda ya tiyi imafika mpaka m'mphepete mwa bwalo la mpira. Lipotili ndi la mnyamata mmodzi amene anali m'kalasi mwanga m'chaka cha sukulu chimene chinayamba mu Seputembala 2023. Dzina lake sinditchula, la sukulunso ayi. Ndalemba chifukwa ana onga iyeyu alimo m'makalasi mwathu monsemu, ndipo ambiri timawachongera ndi bolopeni yofiira n'kuwalembera kuti "Wakhoza", iwo n'kumapitirira choncho mpaka akakumane ndi chimangirizo pa mayeso a Sitandade 8.

Mwanayo ndi kumene ankachokera

Anali ndi zaka 11. Sukulu yake inayenda modukizadukiza kuyambira pachiyambi. Ali mu Sitandade 1, sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo anakhala pakhomo theka la chaka nthawi yeniyeni imene anzake a zaka zina amakhala akugwira malembo. Anabwereza kalasiyo. Ali mu Sitandade 3, mu Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi. Sukulu zinaimanso, zina zinasanduka malo osungirako anthu amene nyumba zawo zinagwa.

Amakhala ndi agogo ake aakazi. Mayi ake amathyola tiyi pa esiteti ina yakutali ndipo amabwera nthawi ya malipiro. Agogowo amaphika zigumu ndi kuwiritsa chinangwa, n'kumagulitsa m'mbali mwa njira imene othyola tiyi amadutsa poweruka.

Masabata oyambirira ndinkamuwerengera m'gulu la ana ochita bwino. Kope lake linali laukhondo, zilembo zoima bwino pamzere, zazikulu ndi zazing'ono zosiyana bwinobwino. Kawiri konse ndinakweza kope lakelo m'mwamba kuti anzake aone.

Mmene ndinatulukira

Lolemba lina tinapeza bolodi la m'kalasi mwathu litapakidwa penti ndipo linali lisanaume. Posowa polemba, ndinauza ana kuti aliyense alembe ziganizo ziwiri zofotokoza zimene anadya dzulo lake. Ndikuzungulira m'mizere, kuponda mosamala chifukwa ana anga amakhala pansi ndipo amapitirira 100, ndinafika pa iye. Anali atalemba mizere itatu yokongola: "mlimi khasu chimanga mbewu munda". Mawu onsewa anali pa tchati cha ulimi chimene chinali pakhoma pafupi naye.

Ndinagwada pambali pake. "Tandiwerengera zimene walembazi, mwanawe."

Analoza ndi chala pa liwu loyamba, n'kuyendetsa chalacho pang'onopang'ono, akunena molimba mtima: "Dzulo ndinadya nsima ya nandolo, madamu."

Sanali kundinamiza. Chonena anali nacho, ndipo ankadziwa kuti chimayenera kukhala pa pepalapo. Chimene sankadziwa n'chakuti pali njira yochokera pakamwa kufika pa pensulo. Kwa iye kulemba kunali kudzaza mizere ndi zilembo zooneka bwino, ndipo zaka zonsezi palibe anamuuza zosiyana, chifukwa tonse tinkangoona chikomekome cha mkuyu.

Bolodi litauma ndinayamba kumuyang'anitsitsa akamakopera, ndipo pamenepa ndinaphunzira chizindikiro chimene tsopano ndimachiona mwamsanga pa mwana aliyense. Mwana wowerenga amayang'ana pa bolodi kamodzi, n'kutenga liwu lathunthu kapena mawu awiri atatu, n'kuwerama kulemba. Uyu ankadzutsa mutu pa lembo lililonse. Liwu loti "mphunzitsi", mutu unkakwera ndi kutsika kakhumi. Ankajambula, ngati mmene munthu angajambulire maluwa a pa chitenje. Nditayang'ana bwino kalasi yonse, ndinaona mitu ina yambiri ikuchita chimodzimodzi.

Ndinamutengera pansi pa mtengo nthawi yomwa phala kuti ndione pamene panali vuto. Maso ndi makutu zinali bwino: ankaona zilembo zing'onozing'ono ali patali, ndipo nditanong'ona kumbuyo kwake anabwereza zonse. Maliwu a malembo ankawadziwa, makamaka aja oyambirira amene aphunzitsi timangowatchula kuti anikumeto. Maphatikizo ankawaimba bwino, ma me mi mo mu, koma mwa ndondomeko yake yokhayo. Ndikaloza "mo" payekha, ankayambira pa "ma" chamumtima mpaka afikepo. Mawu a maphatikizo awiri monga "mana" ndi "kuti" ankawawerenga movutikira. Koma nditamuuza kuti alembe "nandolo", anagwira pensulo n'kungondiyang'ana. Samatha kumva kuti m'liwu limeneli muli zidutswa zitatu.

Pano ndinenepo maganizo anga. Ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga ya NRP, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, inatithandiza kwambiri. Inatipatsa mabuku ndi dongosolo lomveka: mphunzitsi ayambe, kenako achitire limodzi ndi ana, pomaliza ana achite paokha. Koma m'kalasi yodzaza ngati yanga, gawo lomalizali likafika pa kulemba limasanduka kukopera, ndipo chifukwa chake n'cha masamu chabe. Makope 100, lililonse kuliwerenga mphindi imodzi yokha, ndi mphindi 100 pa phunziro limodzi. Ntchito yokopera imachongeka msanga chifukwa yonse ndi yofanana. Ine ndemwe ndinayamba sukulu mu 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kukhamukira kusukulu kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinaphunzira pansi pa mtengo, tikukopera. Ndinkaphunzitsa mmene ndinaphunzirira.

Agogo ake

Ndinawaitanitsa, ndipo anabwera Lachinayi m'mawa atasenza beseni la zigumu, popeza kuchokera kusukulu ankapita ku malonda. Titapatsana moni ndinawafunsa ngati mdzukulu wawo amalembako kalikonse kunyumba.

"Alembe chiyani, aphunzitsi? Pakhomo panga palibe cholemba. Koma mutu ali nawo mwanayu. Ngongole zanga zonse amasunga ndi iyeyu."

Anafotokoza kuti othyola tiyi ambiri amatenga zigumu ndi chinangwa pa ngongole, n'kudzalipira tsiku la malipiro. Agogowo sadziwa kulemba, ndiye madzulo aliwonse amamuuza mnyamatayo kuti uje watenga ziwiri, uje zinayi, iye n'kusunga m'mutu. Tsiku lolipira likafika pamakhala mikangano, wina akuti anatenga zitatu pamene mwana akuti zisanu, ndipo mawu a mwana sapambana a munthu wamkulu.

"Agogo, bwanji akanakhala ndi kabuku kolembamo zimenezi?"

Anaseka n'kuwomba m'manja. "Akatero ndiye kuti sukulu yandipindulira ine ndili moyo."

Zimene ndinachita

Ndinadula kope limodzi pakati n'kukhala timabuku tiwiri. Kamodzi kanakhala ka ngongole za agogo. Tinkakumana mphindi khumi ndi zisanu ana akaweruka, masiku atatu pa sabata, iye pamodzi ndi anzake asanu ndi awiri amene ndinawaona kuti nawonso amadzutsa mutu pa lembo lililonse.

Sabata ziwiri zoyambirira sitinagwire pensulo kwenikweni. Tinkatchula liwu, n'kuliwomba m'manja: chi-na-ngwa, kuwomba katatu. Kenako kuika zitsekerero za mabotolo pansi, chimodzi pa phatikizo lililonse, n'kumakankha chimodzichimodzi uku tikutchula. Zikatero mwana alembe phatikizo lililonse pa dothi pansi pa chitsekerero chake. Izi ndi zija za TALULAR timaphunzitsidwa ku TDC (likulu la aphunzitsi la m'zoni), zogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, ndipo sizinandidyere ndalama. Mawu onse ndinkawatenga m'beseni la agogo aja ndi m'nyumba za anawo: zigumu, mbatata, nthochi, nanazi, ngongole, watenga, walipira, watsala. Mayina a anthu angongole ndiwo anamukoka mtima koposa, poti ankawadziwa nkhope ndipo ankafuna kuti asamuzembenso.

Tsiku limene analemba yekha "watenga zigumu 3" popanda poonera, anakhala kanthawi akuyang'ana pa dothipo, kenako anandifunsa motsitsa mawu: "Madamu, munthu wina atabwera angawerenge zomwezi?" Ndinaitana mtsikana wa Sitandade 6 amene ankadutsa. Anawerenga mokweza, n'kupitiriza ulendo wake osadziwa chimene wachita. Mnyamatayo anatchingira mawuwo ndi miyala kuti anthu asawaponde.

Kuchoka pa mawu kupita pa chiganizo tinatsata njira imodzi yosasintha, mpaka anaizolowera. Nena chiganizo chako pakamwa. Werenga mawu ake pa zala. Jambula kamzere ka liwu lililonse. Lemba pa timizereto. Werenga zimene walemba, osati zimene umafuna kulemba. Gawo lomalizali ndi limene linali lovuta kwa iye chifukwa cha chizolowezi chake chija, ndiye ndinkamugwira chala kuti chisachoke pa liwu asanalitchule lonse.

Timizere tija tinathandiza pa vuto limene aliyense wophunzitsa Chichewa amalidziwa, la kulekanitsa mawu. Ana ena amamata zonse pamodzi, "agogoangaapita", ena amaduladula mneni mmene anaphunzirira maphatikizo, "ndi na pi ta". Uyu anali wa gulu lachiwirili. Ndinkamuuza kuti "ndinapita" ndi munthu mmodzi, mutu, mimba ndi miyendo, sitimudula. Mpumiro ndi lembo lalikulu zinabwera pambuyo pake. Mpatuliro sindinaukhudze n'komwe teremu imeneyo.

Zimene ndinkachita ndi ana asanu ndi atatuwa zinandikakamiza kusintha kalasi yonse. Ndinagawa ana m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lake. Tsiku lililonse ana onse amalemba zawozawo mphindi khumi, bolodi litafufutidwa, pa mutu wochokera m'moyo wawo: msika wa ku Limbuli, kukwera kabaza, mmene amaphikira kalongonda, zimene anaona ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ine ndimatenga makope a gulu la tsikulo okha, pafupifupi 20, n'kuwawerenga modekha. Ena onse amawerengerana awiriawiri. Motero mwana aliyense amadziwa kuti kamodzi pa sabata madamu awerenga mawu ake enieni. Ahedi poyamba anadandaula kuti makolo akaona masamba osachonga adzati sindigwira ntchito, ndipo nkhawa yawo inali yomveka. Tinakafotokoza pa msonkhano wa makolo, a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni mwathu, atabwera anaona makopewo, ndipo anatilola kupitiriza.

Pamene ndinalakwitsa

Chakumapeto kwa Novembala mvula yoyamba inagwa usiku ndi mphepo yamphamvu. M'mawa mwake mutu umene ndinapereka unali wa masewera, koma iye analemba zina. Mphunzitsi mnzanga anali atandiuzapo kale kuti ndiwalembetse ana za Freddy poti onse ali ndi chonena, ine n'kukana, chifukwa m'kalasimo munali ana amene anataya abale awo ndipo si bwino kutokosa bala la mwana kuti upeze chimangirizo. Uyu anazibweretsa yekha. Analemba motere:

"siku lina vula inagwa kwambili mazi analowa nyumba agogo anandibeleka ine wankulu. mbuzi zatu zinapita."

Aka kanali koyamba kuti alembe za mumtima mwake, zoposa mzere umodzi. Ine ndinali ndi makope ambiri patsogolo panga ndipo dzanja linangochita zimene linazolowera. Ndinazunguliza ndi bolopeni yofiira "siku", "vula", "kwambili", "mazi", "anandibeleka", "wankulu", "zatu". Mabwalo ofiira asanu ndi awiri pa mizere itatu. Za agogo obereka mnyamata wamkulu pakati pa madzi usiku sindinanenepo kanthu.

Atalandira kopelo analiyang'ana, n'kulitseka. Sabata yotsatira yonse anabwerera ku tchati cha pakhoma, kukopera mwaukhondo ngati kale. Zinandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti ndamubweza ndine.

Ndinamuitana payekha, n'kutsegula tsamba lija, n'kuliwerenga mokweza mmene iye ankafunira kuti limveke. Kenako ndinamufunsa kuti mbuzizo zinali zingati, ndipo agogo anamubereka mpaka kuti. Anafotokoza nthawi yaitali. Ndinamupepesa kuti ndinaona zilembo ndisanamve nkhani, ndipo pansi pa mabwalo ofiira aja ndinalemba ndi pensulo kuti: "Agogo ako ndi olimba mtima. Kenako chinachitika n'chiyani?" Mawa lake anabweretsa mizere isanu.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: poyamba ndiyankhe zimene mwana wanena, kenako ndikonze chinthu chimodzi chokha, ndipo ndi pensulo.

Za "mazi" ndi "siku"

Nditakhala pansi n'kuonanso mabwalo asanu ndi awiri aja, ndinazindikira kuti ambiri mwa iwo sanali zolakwa za mwana wosamva. Anali umboni woti khutu lake layamba kugwira ntchito. Kuno kwathu anthu ambiri amanenadi "mazi", "siku", "zina langa", "vula", "somba", "sima". Mwanayo analemba ndendende zimene amamva kwa agogo ake ndi kwa anzake, zomwe ndi zimene ndinakhala ndikumuphunzitsa kwa miyezi iwiri. Kalembedwe ka m'mabuku kamatsata malamulo amene anakhazikitsidwa ndi bungwe la Chichewa Board, ndipo katchulidwe kake kamayandikira kwambiri Chichewa cha m'chigawo chapakati. Mwana wa ku Dowa akalemba mmene amalankhulira, kawirikawiri "madzi" ndi "tsiku" zimatuluka zokha. Wa ku Mulanje kapena ku Thyolo ali ndi ntchito yowonjezera, ndipo si chilungamo kumuchitira ngati ndi wogona.

Komabe bungwe la mayeso la MANEB likamadzachonga lidzafuna kalembedwe ka m'mabuku, ndiye kumusiya choncho kukanakhala kumupweteka. Ndinauza kalasi yonse kuti pali mmene timalankhulira kwathu, zomwe si zolakwika ndipo asachite nazo manyazi, ndiye pali mmene mabuku amalembera kuti wa ku Karonga ndi wa ku Nsanje awerenge chimodzi. Ndinasonkhanitsa mawu awiriawiri amene tanthauzo limasintha lembo limodzi likasowa: tseka ndi seka, tsamba ndi samba, tsoka ndi soka, dzina ndi zina, mvula ndi vula. Ndinalemba pa bolodi kuti "Seka chitseko" n'kuuza mwana mmodzi achite zimene zalembedwazo. Anaima kutsogolo kwa chitseko n'kuyamba kuchiseka, kalasi yonse n'kugwa nako kuseka. Kuyambira tsikulo, wina akaiwala t, anzake amangoti "chitseko chija", iye n'kukonza yekha.

Za h tinachita chimodzimodzi, ndi pala ndi phala, kola ndi khola, tumba ndi thumba, dzanja lili pakamwa kuti amve mpweya ukutuluka. Ng'oma ndi ngoma zinatiphunzitsa kachizindikiro ka pa ng'. Lamulo loti r amabwera pambuyo pa e ndi i, pamene l amakhala pena ponse, ndinalisungira teremu yachitatu, chifukwa "kwambili" sasokoneza tanthauzo ndipo ngakhale akuluakulu olemba zikwangwani pa Chitakale limawavuta.

Zimene zinatibweza m'mbuyo

Teremu yachiwiri inali yowawa. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya makope ndi mapensulo inakwera, ndipo ana ambiri ankalemba maphunziro onse m'kope limodzi. Kulemba tsiku ndi tsiku kumadya mapepala, ndiye makolo ena anadandaula, ndipo sindikanawatsutsa. Tinayamba kulemba zoyeserera pa dothi ndi kuseri kwa makatoni, m'kope n'kumalowa zokhazo zimene mwana wazikonza. Mvula inavutanso chaka chimenecho, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Miyezi ya mvula ndi imenenso tiyi amachuluka, akuluakulu amakhala ku esiteti kuyambira m'bandakucha, ana n'kutsala akulera anzawo. Mnyamatayu anajomba masabata atatu otsatizana mu Febuluwale agogo ake atadwala. Mayi wina wa gulu la amayi oyang'anira ana pasukulu ndi amene anakamutenga.

Atabwerera anali ataiwala "nth" ndi "mph", koma njira ija ya nena, werenga pa zala, lemba, inali ikadalipo. Chinaisunga ndi kabuku ka ngongole, kamene sanasiye kulembamo ngakhale tsiku limodzi poti malonda ankayendetsa ndi iye. Mwa anzake asanu ndi awiri aja, awiri anasamuka ndi makolo awo ntchito ya pa esiteti itatha, ndipo mtsikana mmodzi sanapite patsogolo n'komwe ngakhale ndinayesa zonsezi. Ameneyo ndinamutumiza kwa mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera wa m'zoni mwathu.

Pamene tafika

Pofika teremu yachitatu ankalemba yekha ndime ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zoyamba ndi lembo lalikulu ndi kutha ndi mpumiro, munthu wina n'kuwerenga osafunsa. Analemba kalata yopita kwa mayi ake yopempha nsapato, ndipo mayiwo atabwera anadzandionetsa ali nayo m'kachikwama ka foni. Zilembo zake sizokongolanso ngati kale, chifukwa tsopano dzanja limathamangira maganizo. "Nsima" amalembabe "sima" akafulumira. Kuwerenga kwake kunakwera pamodzi ndi kulemba ngakhale sindinakuphunzitse padera. Agogo ake anandiuza kuti mikangano ya tsiku la malipiro inatha, poti akangotulutsa kabuku aliyense amapisa m'thumba.

Anakhoza kupita mu Sitandade 5, kumene maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi. Ndinapereka makope ake kwa mphunzitsi wa kalasiyo pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza zonsezi. Patapita masabata angapo ndinadutsa pawindo la kalasi yawo nthawi ya sayansi, bolodi litadzaza ndi manotsi a Chingerezi. Ndinamuona ali pamzere wachitatu, mutu ukukwera ndi kutsika pa lembo lililonse.

Madzulo omwewo ndinakambirana ndi mnzanga wa Sitandade 5 uja, ndipo tinagwirizana kuti Lachiwiri ndi Lachinayi mnyamatayo azibwera kwa ine akaweruka, pamodzi ndi ena amene mphunzitsiyo awaone. Chingerezi sichilembedwa mmene chimamvekera, ndiye zitsekerero za mabotolo sizitifikitsa patali ngati pa Chichewa. Tayamba ndi mawu ochepa amene amawaona tsiku ndi tsiku pa mapaketi a m'golosale ndi pa zikwangwani za pa esiteti, kuti aziwadziwa athunthu. Kulemba kwa Chichewa kwa mphindi khumi mnzangayo wavomera kukupitiriza m'kalasi mwake. Kabuku ka ngongole kadzaza, ndipo ndamudulira kena.